Ba Tisa andiletsa bodza

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kuzizira, fumbi, mawondo kuwawa.

Ba Tisa, anzanga a kutchalitchi, afookeratu. Ana awo akukangana. Wamkulu akuti apite ku hosipisi, nyumba yosamalira odwala amene sadzachiranso, kumene kuli manesi ndi mankhwala oletsa ululu. Wamng'ono wabweretsa mayi wina, ati ntchito yake ni kuperekeza anthu pakufa. Alibe jekeseni, alibe ngakhale panado. Ndinati, "Nanga inu mumachita chani? Kukhala pampando nafenso timadziwa."

Mayiyo anangoseka, n'kufunsa odwala, "Amama, muopa chani?" Kwathu odwala timangowauza kuti muchira, basi.

Koma ba Tisa anayankha bwinobwino. Imfa sakuiopa, akuopa ululu, ndiye ku hosipisi apita. Chimene safuna ni kufera kuseri kwa katani popanda wowagwira dzanja. "Amake Joyi azibwera," anatero akuloza ine, "koma asiye bodza lawo la muchira."

Miyezi yonseyi ndimati ndikuwalimbitsa mtima. Kodi ndimawatseka pakamwa? Mawa ndiwaperekeza. Ndikakhala pambali pa bedi, kaya pakamwa pangapa pazatuluka chani.