Supachaja ya Bambo a Hazel

Loweruka, 8 Seputembala 2018

Mabokosi afika. Awiri, ochokera ku America. Atseka njira yonse kuchokera pakhomo mpaka kukhitchini. Bambo a Hazel sanapite kuntchito ku Corby, anaimba foni kuti akudwala, n'kukhala pawindo kuyambira m'mawa kudikira vani.

Akuti ndi supachaja. Ndinafunsa ntchito yake. Akuti imakankhira mpweya wambiri mu injini, pikapu n'kukhala ndi mphamvu za magalimoto awiri. Mphamvu zopitira kuti? Chipikapucho n'chachikulu kale, chiwongolero kumanzere, mumsewu mwathu muno chimadya malo a anthu awiri. Aneba anasiya kutipatsa moni. Funsoli ndinalimeza.

Masana ndinaika basiketi ya zochapa pamwamba pa bokosi kuti nditsegule chitseko basi. Sindinawaone akubwera. Dzanja pakhosi, mutu kukhoma. "Ukudziwa chimene chili m'menemo, iwe?" Hazel anali pamasitepe, mahedifoni m'makutu. Kaya munali nyimbo.

Chotupa kuseri kwa khutu. Tsitsi likubisa.

Lachiwiri, 11 Seputembala

Nditaweruka kuwodi kuchipatala ndinawatsatira kugalaja ya a Akhtar ku Spinney Hill, kuti akasiya pikapu ndibwere nawo pa kagalimoto kanga. A Akhtar ndi Amwenye a ku Limbe, Chichewa chawo n'chakuya kuposa cha ine. Anatulutsa zonse m'mabokosi n'kuyala pansi: chitsulo chonyezimira chachikulu ngati pilo, mapaipi, lamba watsopano, timagudumu, kabuku. Akuti ntchito ya masiku atatu.

Anati, "Achimwene, mphamvu mukuwonjezera, koma mabuleki ndi omwe aja. Tisinthe zonse pamodzi." Bambo a Hazel anaseka. Akuti ku Blantyre ankayang'anira malole makumi awiri, sangaphunzitsidwe mabuleki ndi munthu wa ovololo.

N'zoona, anali bwana. Kuno amanyamula mapaleti a katundu ndi makina a fokolifiti, akuwatuma ana a zaka 22. Anabwera pa viza yanga ya unesi. Zaka khumi ndi zisanu, sanandikhululukirebe.

Mlongo wa a Akhtar, a Shamshad, ndi amene amakhala muofesi. Anandipatsa tiyi wa ginja. Anayang'ana khosi langa, kenako kapu. Potuluka anandilembera nambala yawo kuseri kwa kakhadi ka galaja. Ndakabisa mu nsapato ya kuntchito.

Loweruka, 15 Seputembala

Pikapu yatuluka kugalaja. Imalira mluzu, woonda, wokwera, ngati makina a dokotala wa mano. Pansi pake kubangula. Magalasi a nyumba kunjenjemera.

Bambo a Hazel anati tonse tikwere. Hazel anakana, anamuyang'ana kamodzi, anakwera. Titadutsa Oadby msewu unatseguka. Anaponda. Msana wanga unamatirira kumpando. Mitengo, mipanda, zonse phala. Anadutsa lole pakona, kutsogolo kukubwera basi, ndinaona nkhope ya dalaivala wake bwinobwino, kukamwa yasa.

Ndinakuwa. Ndinangoti chonde, muli mwana muno. Kuseri kwa dzanja, mphete pamlomo. Liwiro sanachepetse n'komwe. Magazi pa bulauzi yanga yoyera.

Hazel anasanza kumbuyo. Anamutsitsa pambali pa msewu n'kumupukutitsa mpando ndi juzi yake yomwe. Mwana wa zaka 14, kugwada pamiyala, magalimoto akudutsa. Ine ndinakhala m'katimo, tishu pakamwa. Ndinakhala. Ndikulemba kuti ndisadzaiwale kuti ndinakhala.

Lamulungu, 16 Seputembala

Kutchalitchi. Mapemphero atatha amuna onse panja, boneti yotsegula, mafoni m'mwamba. Ailize, ailizenso. Bambo a Hazel kuseka mano onse, suti ya buluu. Wokongola munthuyu, ndisaname.

Amayi a kwaya anandikokera pambali. "Mlomowu bwanji?" Ndinati chitseko cha kabati. Anandisisita paphewa. Akuti abambo akapeza chowasangalatsa nyumba imazizira, ndithokoze.

Ndathokoza.

Lachinayi, 27 Seputembala

Ndikulemba ndi dzanja lamanzere.

Lolemba Hazel anatsamiritsa njinga yake pa pikapu. Kachikanda kakang'ono pachitseko, chala changa chikhoza kukabisa. Bambo ake anakaona pobwera kuntchito cha m'ma 5. Analowa osavula nsapato. Mubokosi lija munatsala lamba wakale wa injini amene a Akhtar anachotsa. Anamupinda pawiri.

Kamodzi pamiyendo. Kachiwiri pamsana. Hazel sanalire, anangodzipinda pakona ya sofa, manja kumutu, ngati anaphunzira kwinakwake. Anaphunzira kwa ine.

Kachitatu ndinaika mkono. Kenako sindikudziwa bwino. Ndinapezeka ndagwira kagudumu kachitsulo ka mubokosi momwemo. Ndinawamenya nako pamwamba pa diso. Ine. Khungu linang'ambika, magazi mpaka pakolala. Anaima n'kudzigwira, kudabwa, ngati mpando wawayankhula.

Zotsatira zake ndi dzanjali. Analipotokola mpaka linalira. Zala ziwiri. Ndinakwera basi mpaka kuchipatala cha ku Kettering kuti anzanga a kuwodi asandione. Ndinati ndinagwa pamasitepe. Nesi wake anandifunsa kawiri. Mafunso omwewo amene ine ndimafunsa azimayi ena, ndi mawu omwewo ofatsa.

Chimene chikundiopsa si zala. Pamene chitsulo chinagunda fupa ndinamva kukoma.

Loweruka, 29 Seputembala

A Shamshad aimba cha m'ma 11. Bambo a Hazel anapita kugalaja. Akuti anawerenga pa intaneti kuti ukaika kagudumu kocheperako supachaja imazungulira kwambiri, mphamvu n'kuwonjezekanso. A Akhtar anakana. Anati injiniyo iphulika, ndipo ngakhale isaphulike, iwo sangaikenso dzanja pagalimoto imene mwini wake akuyendetsa chonchija mumsewu wodzaza ana a kumadrasa.

Bambo a Hazel anatola sipanala. Galasi la ofesi, kompyuta, kenako a Akhtar. Nthiti ziwiri ndi dzino. Munthu wa zaka 60. Amuna a mubutchala yoyandikana ndiwo anawakoka. Apolisi asanafike anali atathawa.

A Shamshad anati, "Asisi, munthu amene wachita izi kwa achimwene anga masanasana, kwanu amachita zotani? Tengani mwana. Ndili ndi chipinda."

Ndinati ndiganiza. Nditadula foni ndinatsuka mbale zonse, zoyera zomwe.

Bambo a Hazel sanabwere kunyumba. Foni yawo yozimitsa.

Lamulungu, 30 Seputembala

Tachoka. Zikwama ziwiri, mapasipoti, yunifolomu ya sukulu, mankhwala. Hazel anali atalongedza kale chake, sindikudziwa liti. Chinali pansi pa bedi.

Kwa a Shamshad ku Oadby. Nyumba ya phee, kapeti yofewa, fungo la biriyani. Chipinda cha mwana wawo amene anakwatiwa ku Birmingham. A Akhtar ali pampando m'chipinda chochezera, akupuma pang'onopang'ono, mlomo wotupa. Ndinagwada kupepesa. Anati, "Dzukani mayi. Inu munagwira sipanala?"

Hazel wadya mbale ziwiri.

Mauthenga ayamba madzulo ano. Makumi atatu ndi anayi. Oyamba ndine mkazi wabwino, otsiriza ndine hule la Amwenye ndipo andipeza.

Lachiwiri, 2 Okutobala

Apolisi akuwafunafuna pa nkhani ya kugalaja. Anandifunsa ngati ndili ndi chonena cha ine mwini. Ndinati ayi. Chifukwa chiyani ndinati ayi?

Njinga yamoto inadutsa panja, ndinagwetsa kapu.

Lachisanu, 5 Okutobala

Zinachitika Lachitatu. Ndilemba mwa dongosolo, mwina mutu ukhala pansi.

Ndinakatenga Hazel kusukulu 3 koloko, kuyendetsa ndi dzanja limodzi ndi theka. Mvula yowaza. Sindinaganizire zoti Bambo a Hazel sukulu amaidziwa. Uchitsiru.

Tili pamsewu wotsetsereka wopita ku Oadby, Hazel anati m'Chingerezi, mami, ndi iwo. Pagalasi munadzaza chitsulo chokhachokha. Kugunda koyamba kunali kopepuka, ngati moni. Kachiwiri galasi lakumbuyo linagwera pamipando. Kenako sanabwererenso m'mbuyo, anangomatirira n'kuyamba kutikankha. Phazi langa pabuleki mpaka pansi, kagalimoto kakupitabe. Fungo la matayala. Hazel akutchula adadi, adadi, adadi.

Kumunsi kuli maloboti, anali ofiira, anthu akuwoloka. Ndinapinda chiwongolero kumanzere ndi mphamvu zonse, zala zothyoka zomwe. Tinakwera pakapinga n'kuomba chikwangwani. Tinaima.

Iye sanaime. Titachoka kutsogolo kwake chipikapu chinalumpha ngati galu woduka unyolo. Ndinaona nyali za mabuleki zikuyaka, koma chikupitabe, cham'mbali, pamsewu wonyowa. Anthu kubalalika. Chinaphonya mayi wokankha khanda mu pulemu pang'ono chabe n'kulowa mukhoma la njerwa pakona. Phokoso lake ndinalimva m'mano.

Kenako zii. Nthunzi.

Ndinamugwira Hazel paliponse. Mutu, khosi, mimba. Bala laling'ono pachipumi. Wamoyo.

Ndinatsika. Ndinayenda mpaka pachitseko chake. Injini inali italowa m'kati, mwendo wakumanja utapanikizika, pantchafu magazi akutumpha motsatira mtima. Ndikudziwa tanthauzo lake. Mphindi zitatu, zinayi. Maso ake otsegula, akundiyang'ana.

Ndinaima. Manja m'mbali. Wina kumbuyo ankakuwa kuti kodi pali dokotala, pali nesi? Ine yunifolomu ili m'kati mwa jekete. Ndinakoka zipi mpaka pakhosi.

Sindikudziwa nthawi imene inadutsa. Ndinaona magazi akudzaza pampando, n'kuyamba kudontha pansi. Mumtima munalibe kanthu. Mwina munali mtendere.

Kenako manja anayamba okha. Sikafu yanga pamwamba pa bala, mfundo, chogwirira cha ambulera ya munthu wina n'kupotokola, kupotokola, iye akukuwa, ine ndikupotokolabe mpaka magazi anasiya. Bondo langa pamphechepeche pake mpaka ambulansi inafika. A ambulansi anati ndamupulumutsa. Anthu ena anaomba m'manja.

Ndinasanza m'ngalande.

Lamulungu, 7 Okutobala

Ali ku Nottingham. Mwendo adula pamwamba pa bondo. Sanadzukebe.

Foni sikupuma. Amayi ake ku Zomba akulira, akuti mwana wawo asakhale yekha pakati pa azungu. Akulu a mpingo akufuna kubwera kudzapemphera ndi kukambirana. Amayi a kwaya akuti Mulungu anandiika pamenepo ndi cholinga. Aliyense wamva za sikafu. Za kagalimoto kanga kophwanyika kumbuyo palibe akufunsa.

Khosi silikutembenuka. Hazel akugona pabedi langa, atagwira malaya anga ngati khanda.

Lero m'mawa akutsuka mano anandiyang'ana pagalasi. Anati anandiona nditaima paja. Ndinayamba kufotokoza, kuti mantha, kuti mutu unazungulira. Anandidula. Anati sakufunsa chifukwa chimene ndinaimira. Akufunsa chifukwa chimene ndinasiyira kuima.

Mwana wanga. Ndamulera m'nyumba yotani?

Lachitatu, 10 Okutobala

Anaimba a kuchipatala kuti wadzuka ndipo akutchula dzina langa. A Shamshad anati ndisapite. Ndinapita, pa sitima.

Pakhomo la wodi wapolisi wamkazi pampando, kabuku pamwendo. Sisitala wa wodi anandilandira bwino, nesi mnzake. Anayamba kale kufunsa ngati kunyumba kuli chipinda chapansi, ngati bafa ili ndi masitepe, ngati ndingachepetse mashifiti miyezi yoyamba. Ndinkangogwedeza mutu. Ndinali nditayamba kale kuganiza kumene ndingasunthire sofa.

Wachepa. Ndevu zamera zoyera, sindinkadziwa. Bulangete lathyathyathya mbali imodzi. Ulusi wa bala lija ndinamupatsa pamwamba pa diso ukadalipo. Ndinamva chisoni, chenicheni. Ndinakhala pansi n'kumugwira dzanja. Ndinadikira. Ndinkaganiza kuti afunsa za Hazel.

Anayendetsa milomo. Ndinaweramira pafupi.

"Ethel. Galimoto ija aiika kuti?"

Ndinabweza dzanja lake pabulangete bwinobwino. Ndinamukonzera pilo. Sisitala anandithamangira ndi fomu yake, ndinamuuza kuti chipinda chapansi kulibe, chapamwamba kulibenso.

Wapolisi uja anaimirira kuti andipatse njira. Ndinamufunsa ngati m'kabuku kake mwatsala masamba okwanira. Anati bwanji. Ndinati tiyambire 2004, chaka chimene anandimenya koyamba.