Laisensi ya John Petros

Lolemba, 7 Sepitembala 1981

Kalata ya Zuhula yafika kuchokera ku Halale. Masamba atatu. Ndawawerengera amake kawiri, kachitatu anati ndingowerenga pomwe pali mapiri.

Mwana wathuyu unamwino ukumuyendera kumeneko. Akuti tipite pakati pa Novembala, matikiti a basi atumiza. Ndiye walemba kuti: "Ababa, ndidzatenga galimoto ya hayala masiku anayi. Mudzayendetsa ndinu, tikawaonetse Amama mapiri a ku Vumba."

Ine Mfaume Omali, zaka 27 pachiwongolero, osagundapo ngakhale nkhuku. Ndanyamula akazi a azungu, akazi a Amwenye, tsopano mayi Kampamba a ku Woodlands ndi madengu awo. Koma akazi anga a Mwanasha sanakwerepo galimoto yoyendetsa ine. Ya abwana sakweramo mkazi wa dalaivala.

Maso awo akutha. Shuga. Dokotala anati chaka chino kuwala kulipo, chaka chamawa sakulonjeza. Kwawo ku Namwera ankati akatsegula chitseko, phiri ilo. Kuno ku Kabwata, mu Lusaka, akatsegula chitseko, khoma la chimbudzi cha aneba. Akuti afuna aonenso phiri kamodzi basi.

Ndawalonjeza. Mpando wakutsogolo, zenera lotsegula, ine pambali pawo.

Lachitatu, 9 Sepitembala

Tsiku lonse mutu uli ku Vumba. Sindinafikeko, koma msewu wake ndaumanga kale m'mutu. Wokhotakhota, wonyowa, nkhungu ikutsika kudzanunkhiza galimoto. Giya yachiwiri. Galimotoyo yoyera, yonunkhira upya, yopanda ubweya wa galu wa abwana pamipando.

Ndinadzidzimuka ndikuimba pamaloboti. Mayi Kampamba kumbuyo: "Ba John, shani? Mwapeza mukazi wachibili?"

Zofuna eni hayala, malinga ndi kalata: pasipoti, laisensi yoti yatha zaka zitatu, ndi pemiti yoyendetsera galimoto kunja kwa dziko. Zaka zitatu! Ndaseka ndekha. Laisensi yanga ndi yaikulu kuposa kalaliki amene adzaiwerenge.

Zithunzi ziwiri ndajambulitsa mutauni. Ndatuluka ngati wakuba ng'ombe. Amake Zuhula anayandikiza chimodzi pamphuno n'kunena kuti ndaoneka bwino. Apa m'pamene ndadziwa kuti masowo apitadi.

Lachitatu, 16 Sepitembala

Ku ofesi ya mapemiti. Mzere kuyambira pamasitepe. Ndinavala jekete, khadi la Chipani m'thumba, mwina angalifunse. Sanalifunse.

Kalaliki, dzina lake Chishimba, anaika laisensi kumanzere, pasipoti kumanja. Anayang'ana uku, nayang'ana uko. "Ba tate, apa ni bantu babili. John Petros ali na laisensi, alibe pasipoti. Mfaume Omali ali na pasipoti, alibe laisensi. Manje azayenda ni ndani?"

Ndinaseka, ndimayesa nthabwala. Iye sanaseke.

Ndilembe pano mmene zinayambira, poti sindinauzepo munthu. Chaka cha 1954, mzungu wa garaja amene anandiphunzitsa galimoto analephera kutchula Mfaume. Anati ndine John. Pafomu ya laisensi panafunika dzina lachiwiri, anangolembapo Petros, dzina la wantchito amene ndinalowa m'malo mwake. Ndinali ndi zaka 24, njala ili m'mimba, ndani akanatsutsa? Ufulu utabwera ndinakatenga chitupa m'dzina limene anandipatsa bambo anga, monyadira. Pasipoti inatsata chitupa. Laisensi ndimangoiwonjezera nthawi, John yemweyo. Pamalodibuloko apolisi amafuna John. Kumzikiti amadziwa Mfaume. Awiriwa sanakumanepo mpaka lero pathebulo la Chishimba.

Mapanga awiri avumbwitsa. Ndavumbwa.

Akuti ndipeze kalata ya mzungu uja, kapena mboni yoti inandidziwa ndi maina onse awiri m'chaka chomwecho. Mzungu anapita ku Joni mbendera isanakwere. Kunyumba sindinanene kanthu. Ndati mzere unali wautali.

Lamulungu, 20 Sepitembala

Ku Chelstone kukafuna a Chiti. Tinali limodzi pagaraja ija, iwo makanika, ine wotsuka magalimoto. Ndi okhawo otsala. Tsiku limene ndinasanduka John analipo, anaseka mpaka kugwetsa sipanala.

Ndawapeza pampando pansi pa mtengo wa mango, bulangeti m'miyendo kunja kukutentha chonchi. Mwana wawo Emmy: "Ba tate sibakamba kuchokela mu Juni. Mbali imozi inafa."

Anandizindikira. Diso limodzi linaseka. Ndinawagwira dzanja, dzanja lija linkamasula injini ya lole ngati likusenda nthochi. Lofewa, lozizira. Cholembera sichingakhalemo.

Ndinakhala maola awiri ndikuwasimbira za Vumba. Nkhungu, mitengo italiitali, mathithi ogwera m'mbali mwa msewu. Bodza lokhalokha, poti sindinaoneko, koma ankamvetsera. Za mboni sindinatchule n'komwe. Ndinachita manyazi kuti ndinawakumbuka chifukwa cha pepala.

Lachisanu, 25 Sepitembala

Amake Zuhula ayamba kusoka diresi la ulendo. Ulusi ndimawalowetsera ndine m'mawa ndisanapite kuntchito, singano zisanu, n'kuzibaya pakatoni. Nsalu yobiriwira. Akuti agwirizane ndi phiri.

Afunsa ngati pamwamba pake pamazizira. Ndati kwambiri. Afunsa ngati ndidzathamangitse. Ndati ayi, tidzayenda ngati akwati.

Ndikunama ngati mwana.

Mafuta ophikira abwera kusitolo, mzere mpaka kumsika. Sopo kulibe.

Lolemba, 28 Sepitembala

Ndabwereranso kwa Chishimba. Si munthu woipa. Ndinamufunsa ngati ndingayesedwe mwatsopano, nditenge laisensi ya Mfaume. Akuti ndingathe, koma idzakhala ya tsiku limodzi. Eni hayala afuna zaka zitatu. Ndiye kuti Mfaume adzakhala woyenera mu 1984. Maso aja sadzadikira 1984.

Kenaka anatsitsa mawu. "Pepa yakudala ndiye ili na mphamvu. Laisensi ni ya 1954, chitupa ni cha 1965. Lumbilani chabe kuti zina yanu yeniyeni ni John Petros, iyi ya Mfaume inalembewa molakwika. Tizasintha chitupa na pasipoti. Masabata atatu, mwayenda."

Njira ilipo! Ndinatuluka mapazi osagunda pansi. Pobwerera ku Woodlands ndinaiona bwinobwino galimoto yoyera ija, mpango wa a Mwanasha ukuuluka pazenera, Zuhula kumbuyo akusenda malalanje.

Dzina n'chiyani? Masiku asanu ndi limodzi pasabata ndine John kale. Sindinafe nalo.

Lachinayi, 1 Okutobala

Fomu ya lumbiro yalembedwa pataipi. Ndaibisa m'bokosi la zida za galimoto. Mawa kwa wolumbiritsa, abwana andipatsa maola awiri.

Bambo anga anandibwerera m'maganizo ndikupukuta magalasi. Mmene ankandiitanira madzulo, kukoka dzinalo mpaka kutsidya la dambo. Ndinawachotsamo. Iwo anagona kale, maso ofunika ndi a amoyo.

Lachisanu, 2 Okutobala

Sizinatheke.

Kachipinda kakang'ono pamwamba pa sitolo ya nsapato. Fani yosazungulira, chithunzi cha Mtsogoleri pakhoma, wolumbiritsa wamagalasi okhuthala. Anawerenga fomu mothamanga. Ndimayesa ndingosaina basi. Koma anayang'ana kofia yanga n'kufunsa: "Mulumbila na Baibo olo na Korani?"

Anatsegula kabati, natulutsa Korani yokulungidwa m'nsalu yoyera. Munthu waulemu, anaigwira ndi manja awiri. Anati ndiikepo dzanja, ndinene pambuyo pake kuti dzina langa lenileni, limene ndinabadwa nalo, ndi John Petros.

Lachisanu. Nditasamba kale kuti ndipite kumzikiti masana.

Dzanja linakwera lokha mpaka pakati, n'kuima. Ndalamulira malole a matani khumi pamatope a ku Luangwa, koma dzanja langa lomwe linandikanika. Anadikira, anatsokomola, anayang'ana wotchi. Ndinati pepani bwana, ndasiya galimoto potseguka. Ndinatsika masitepe osacheuka.

Kumzikiti sindinamve chimene shehe ananena. Mkwiyo wokhawokha. Kukwiyira mzungu wa garaja, Chishimba, Petros amene sindinamuonepo nkhope. Makamaka ine. Mkazi akuchita khungu, ine ndikuumirira dzina.

Loweruka, 3 Okutobala

Amake Zuhula ndawauza zonse. Anali pamkeka, diresi pamiyendo. Sanasiye kusoka.

Ndimayembekeza kulira, mwina kundinena. Anangoti: "Mukanalumbira, bwenzi ine ndili mkazi wa yani?" Kenaka anandipatsa singano kuti ulusi watha.

Ndalembera Zuhula. Mizere isanu ndi umodzi. Kalata yovuta kuposa mayeso a galimoto.

Lamulungu, 11 Okutobala

Kutentha. Palibe yankho.

Galimoto yoyera ija yasiya kubwera m'mutu. Ndikaiitana imabwera yopanda munthu pachiwongolero.

Dzulo amake Zuhula anathira tiyi pambali pa kapu. Tonse tinakhala ngati sitinaone.

Lolemba, 19 Okutobala

Yankho lafika. Mwana uyu!

"Ababa, musadandaule. Laisensi ndili nayo kuyambira 1977, ndinaphunzira pa ambulansi ndili kusukulu ya unamwino. Sindinakuuzeni chifukwa munkati mkazi pachiwongolero ndi ngozi yoyenda. Ndinafuna muyendetse inu kuti musangalale. Tsopano ndiyendetsa ine. Inu mukhale kumbuyo ndi Amama, muziwauza zimene zili panja, poti zakutali sakuziona."

Amake aseka mpaka kutsamwa. Akuti ankadziwa kuyambira kale. Nyumba yonse imadziwa kupatula mwini nyumba.

Mawu ajawo ndinanenadi, kangapo konse. Ndawameza lero, opanda madzi.

Kumbuyo. Ine. Sindinakhalepo kumbuyo kwa galimoto yaing'ono chibadwire. Kodi manja amawaika pati?

Lamulungu, 25 Okutobala

Mbendera za dzulo, tsiku lokumbukira ufulu, zikadali m'misewu. Amake Zuhula anati tikayeserere, ndisakawachititse manyazi kudziko la eni. Tinakwera minibasi mpaka mutauni, kenaka ina ya ku Chelstone, mpando wakumbuyo kwenikweni, iwo kuzenera.

Dalaivala wake mbuli. Kilatchi akuiponda ngati akupha njoka. Phazi langa likungofuna buleki pansi pa mpando wa munthu.

Amake Zuhula anandigwira bondo, akuti ndiyambe, ndikuona chiyani. Ndinati dzenje kutsogolo. Njinga yopanda buleki kumanzere. Lole ikutuluka osapereka chizindikiro. Wapolisi.

Anapukusa mutu. "Zimenezo n'za John. Nanga a Mfaume akuona chiyani?"

Tinapitirira yunivesite. Kenaka ndinachotsa maso paphula. Zinandivuta, khosi lenilenilo linakana.

Mitengo yamaluwa ofiira, yambirimbiri, ngati yayaka. Ndadutsa msewu umenewu mwina kasauzande, sindinkadziwa kuti ilipo. Mayi atasenza mpando wonse pamutu. Mitambo itaunjikana kum'mawa, pansi pakuda, pamwamba poyera ngati thonje. Ndipo titayandikira thanki ya madzi ya ku Chelstone, kutali uko, timapiri. Tating'ono, totuwa, tongokhala ngati utsi. Lusaka ali ndi mapiri, anthuni!

Ndinawalozera. Anatsinzina, natsegula, nayandikiza nkhope pagalasi. Sanaone.

"Pitirizani," anatero. "Ndi angati? Lalikulu lili mbali iti?"

Ndinawauza. Mawu anga ndi ochepa, ouma, a munthu wa magiya. Ndinati lina likuoneka ngati ng'ombe yogona. Anafunsa kuti yayang'ana kuti. Sindinadziwe, tinali titadutsa kale. Tinatsika, tinaoloka msewu, tinakwera yobwerera kuti ndikaonetsetse.

Yayang'ana kumpoto.

Atsala masabata atatu. Mitengo sindiidziwa maina, mitundu ndimadziwa itatu ya pamaloboti. Akuti Lamulungu likubwerali tikayesere njira ya ku Lilayi, ndipo ndisadzatchulenso dzenje ngakhale limodzi. Ndiyambe kufunsa anthu. Mtengo wofiira uja, mwina Emmy angadziwe kuti umatchedwa chiyani.