Katundu Yense Panja

Lachiwiri

Wailesi 14:06
asisi mwamva za mai a pakona? mzere wonse ukunong'ona. akuti anakaniza opopera mankhwala a udzudzu aja cz kuchipinda kwawo anabisako madesiki a kusukulu

Wailesi 14:06
madesiki awiri ndi belu kkkk

Asisi 14:20
wamva kwa ndani

Wailesi 14:21
kwa anthu

Asisi 14:21
anthu akewo ndiwe

Wailesi 14:22
ine ndangoonjezera belu basi

Wailesi 14:25
a khonsolo ayamba dzulo mbali ya kwathu. akafika amati tulutsani katundu yense panja makoma akhale poyera. akapopera mudikire 2 hrs musanalowe. nde kunja kuli ngati msika, za aliyense zili pabwalo

Wailesi 14:27
a landilodi ali ndi ma tv atatu koma yoyaka palibe. aphunzitsi a tayi aja matiresi awo ndi opyapyala ngati lilime la mphaka. mai a saluni mapoto 14, ndawerenga ndekha, chonsecho amabwereka lathu

Asisi 14:40
kwathu afika liti

Wailesi 14:40
mawa

Asisi 14:42
uonetsetse apopere. Mzime wagonekedwa kawiri chaka chino ndi malungo, ulendo wachiwiri unaona wekha mmene anakomokera. neti yokha sikukwana, mwana uja amaitosa ndi miyendo

Wailesi 14:43
ndawauza kale mayi. angoti mmm

Lachitatu

Wailesi 12:48
asisi zavuta

Wailesi 12:49
ndaweruka ndapeza pakhomo pokhoma. mayi anabereka Mzime 6 koloko ulendo kumsika, pomwe Lachitatu sagulitsa. opopera afika, agogoda, palibe munthu, alemba X wa choko pachitseko

Wailesi 12:49
[chithunzi]

Wailesi 12:51
wofanana ndendende ndi wa mai a pakona. anzanga amapasa aja andifunsa kale kuti kwanu kuli madesiki angati

Asisi 13:15
zakubwerera

Wailesi 13:17
musaseke plz. alangizi a zaumoyo akuti abweranso Lachisanu komaliza. akatero gulu lonse lipita dera lina mpaka chaka cha mawa

Wailesi 16:30
mayi abwera. akuti mankhwalawo amanunkha komanso amadzutsa nsikidzi. koma chaka chatha anali oyamba kutulutsa mipando, mpaka anawapatsa madzi osamba mmanja anthu aja

Wailesi 16:31
muwaimbire inu, ine samandimvera

Wailesi 17:50
asisi mwawerenga, ndikuona

Lachinayi

Wailesi 13:05
ndimafuna polishi wa nsapato nde ndapeza kiyi wa kuchipinda kwa mayi mu chitini cha mabatani. mukudziwa masiku ano amakhoma. ndatsegula

Wailesi 13:07
bedi mulibe. wadiropu mulibe. zovala za adadi olo sokosi imodzi. muli mphasa, bulangete, ndi neti yomangirira pa misomali. mayi ndi Mzime akugona pansi

Wailesi 13:08
paja anati bedi lapita kwa kalipentala. miyezi inayi yapitayo. ine ndinauza mzere wonse kuti tikugula lina la magalasi

Wailesi 13:10
adadi sali kuntchito yakutali eti

Wailesi 13:34
asisi

Asisi 13:52
[mawu 1:48]

Wailesi 14:01
ndamvera kawiri

Wailesi 14:02
nde anatenga bedi la mayi kukagonapo ndi mkazi wina. inu munadziwa liti

Asisi 14:03
tsiku lomwelo. anabwera ndi ngolo iwe uli kusukulu. mayi anandipempha kuti ndisakuuze

Wailesi 14:03
chifukwa?

Asisi 14:04
ukufunadi ndikuyankhe, Wailesi?

Wailesi 14:04
ayi

Asisi 14:08
katundu akangotuluka panja, azimayi a mzerewo akhala pakhonde n'kumaona zomwe zilipo ndi zomwe kulibe. mayi akuopa zimenezo. ndipo akudziwa kuti amene amawawerengera anthuwo mapoto ndi mwana wawo yemwe

Wailesi 14:20
mwina mai a pakona nawonso alibe madesiki

Asisi 14:22
mwina

Asisi 14:25
ndalankhula nawo mmawa. akanitsitsa, akuti azigula koilo wa udzudzu. ine ndili kuno, sindingawakoke dzanja pa foni

Wailesi 14:27
koilo amamutsokomoletsa Mzime. ndipo walumidwanso, pamwendo pokha ndaona zotupa zisanu ndi ziwiri

Asisi 14:28
satentha thupi?

Wailesi 14:28
lero ayi

Lachisanu

Wailesi 07:10
mayi atuluka kale ndi Mzime. sanamwe ndi tiyi yemwe. andiuza ndikhome ndizipita kusukulu. ndavala yunifomu koma ndili pakhonde

Wailesi 08:32
opopera ali nyumba yachitatu kuchokera pathu. avala zija ngati akupita kumwezi

Wailesi 08:47
ndawafunsa alangizi ngati angapopere pabalaza pokha ndi kuchipinda kwanga. akuti angathe koma n'kutaya mankhwala, udzudzu umakatera pakhoma la komwe mwana amagona. andifunsa amagona kuti. ndaloza

Wailesi 08:49
akuti pafunikanso wamkulu asayine khadi. a landilodi avomera, akuti nyumba ndi yawo, udzudzu sulipira lendi

Wailesi 08:50
nditani asisi

Wailesi 08:55
[foni yosayankhidwa]

Wailesi 08:56
ndikudziwa kuntchito amakulandani mafoni koma

Wailesi 09:04
ok ndayamba

Wailesi 09:31
za pabalaza zatuluka. tebulo linandikanika pakhomo, abwera mai a saluni agwira mbali ina

Wailesi 09:38
za kuchipinda kwa mayi ndanyamula maulendo awiri okha. mphasa, bulangete, chikwama cha zovala, beseni la Mzime. ndaziika pafupi ndi mipando kuti zioneke zambiri koma sizikuoneka

Wailesi 09:40
pakhonde la uko pali azimayi asanu. mmodzi akuyesezera kusankha nyemba, mbale yake ndi yopanda kanthu. ndikudziwa cz ndi mmene ndimachitira ine

Wailesi 09:41
amapasa andifunsa pampanda kuti la magalasi lija lili kuti. ndati kulibe. angoyang'anana

Wailesi 10:05
apopera zipinda zonse. afufuta X, apachika khadi. akuti tisalowe mpaka 12, kenako titsegule mawindo, tisese, zakufa tikataye mchimbudzi kuti nkhuku zisadye. makoma osatsuka

Wailesi 10:07
alangizi atuluka kuchipinda kuja andiyang'ana, akuti mwana wamkazi wachita bwino. sindikumva ngati ndachita bwino

Wailesi 10:19
mai a pakona amasuzumira pawindo nthawi yonseyi. panopa aitana alangizi. akutulutsa mpando umodzi

Wailesi 10:20
sindiwerenga

Wailesi 10:52
ndakhala pamphasa ya mayi. dzuwa likuwomba, katundu sindingamulowetse, kwatsala ola ndi kanthu

Wailesi 11:14
asisi mayi akubwera. winawake wawaimbira, dengu likadali lodzaza

Wailesi 11:15
aima pampopi. aona zonse. Mzime akuloza beseni lake akuseka

Wailesi 11:16
sakuyenda. angogwira dengu pamutu

Wailesi 11:17
mukanakhala inu, mukanayamba n'chiyani, kuwalandira dengu kapena kupepesa?