Sarmila Wapempha Mpunga Wowonjezera

Butwal

Okondedwa achemwali a Tulasa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Doha. Kuno tilipo, amayi bondo lokha ndi limene likuwavuta.

Mlamu wanu Sarmila watuluka m'chipatala Lachiwiri, patatha miyezi isanu ndi iwiri akumuthandiza pa matenda okana kudya aja! Mukanamuona, masaya abwerera. Dzulo masana anamaliza mpunga ndi mphodza n'kundikankhira mbale. Ine ndimati ndiichotse, iye n'kuti, "Mukupita nayo kuti? Onjezerani." Achemwali, munthu uja wakhala zaka zitatu akutinamiza kuti wadya kale. Ndinamuonjezera mothamanga mpaka mphodza zinatayikira pamkeka. Anaseka n'kuti, "Abambo, ndapempha ndine, osati mkeka."

Sikuti wachiriratu. Lachisanu lililonse tizikaonana ndi mlangizi wake kwa chaka chathunthu, ndipo sikelo imene ankadziyezera ija ndaipereka kwa aneba. Mlangiziyo akuti asamadyenso pomalizira yekha kukhitchini, azikhala nafe. Amayi atamva anangoti, "M'nyumba mwanga mtengwa sadya amuna asanakhute." Madzulo ake sanatuluke kuchipinda. Mlangizi wawaitana kawiri kuti akacheze, koma akuti bondo.

Pafupi ndi kuntchito kwanga pali kanyumba ka zipinda ziwiri, kowala bwino, ndipo ndakakaonapo kale. Amayi sindinawauze. Mukamawaimbira Loweruka musatchule zimenezi. Mungondiuza ngati mubweredi pa chikondwerero cha Dashain, chifukwa amayi amamvera inu, ndipo ndekha sindingathe kuyamba nkhani yosamukayi.

Sarmila akuti mumubweretsere chokoleti.

Ndine mlongo wanu,
Hemraj