Injiniya Akubwera Loweruka

11 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi. Ife kuno tilipo, ana akupita kusukulu, mkamwini wanu ali kuntchito monga mwa masiku onse. Makina anga osokera aja anayambanso kudumpha ulusi, koma mlongo wanga, Injiniya wanu uja, anawamasula n'kuwakonza, moti pano akuyenda ngati atsopano. Ndikudziwa kuti mudabwa kuti munthu amene ndimakuimbirani foni Lamlungu lililonse ndalemberanji kalata. Chifukwa chake n'chakuti pafoni inu simulola munthu kumaliza zimene akunena. Pepala lokha ndi limene simungalidule mawu, ndiye khalani pansi, muvale magalasi, muwerenge mpaka kumapeto.

Injiniya amuchotsa sukulu. Akubwera kumeneko Loweruka pa basi ya m'mawa, ndi chikwama chake komanso katoni ya mabuku. Iye akufuna adzangokuuzani kuti mayeso anamukanika, nkhani ithere pomwepo. Ine sindikufuna kuti mumve theka, chifukwa ndikukudziwani: mukamva theka, theka linalo mudzalidzaza nokha ndi mawu oti ulesi, ndipo mlongo wangayu si waulesi.

Ndiyambe ndakufotokozerani mmene zimayendera ku yunivesiteko, poti nanenso ndazidziwa mwezi womwe uno pozungulira m'maofesi. Chaka amachigawa pawiri. Chigawo chikatha amaphatikiza malikisi a maphunziro onse n'kuona pamene mwana waima. Pali mzere umene anaika. Ukagwera kunsi kwa mzerewo koyamba amakupatsa chenjezo, umapitiriza kuphunzira koma maso ali pa iwe. Ukagweranso kunsi chigawo chotsatira, amakuchotsa. Za chenjezo mukuzidziwa kale, paja anakuuzani yekha pa tchuthi chija masamu atamugwetsa, inu n'kumulangiza kuti achepetse tulo. Anakumverani. Chigawo chino mwanayu wawerenga mpaka ndinachita kumuchepetsera mathalauza m'chiuno, ndipo timayeso ta m'kalasi tonse anakhoza bwino, ngakhale masamu omwewo.

Tsono pali lamulo lina, ndipo ndilo latifikitsa pano. Wophunzira akadwala nthawi ya mayeso sayenera kulowa m'chipinda cholembera. Apite kuchipatala cha pasukulu, adokotala amuone, ofesi idziwe, ndipo adzalemba akachira popanda kumuchotsera kalikonse. Koma akangolowa n'kukhala pampando, ndiye kuti wavomera yekha kuti ali bwino, sangadzanenenso pambuyo kuti ndimadwala. Akuti anaika lamuloli chifukwa ena ankayamba aona kaye mafunso, akaona kuti zavuta ndiye mutu uyambe kuwawa.

Sabata ya mayeso malungo anamugwira. Lolemba m'mawa ndinamupeza akunjenjemera m'bulangete, mano akugundana, tiyi amene ndinamupatsa akutayikira pachifuwa. Tsiku limenelo anali ndi mayeso a masamu m'mawa, ena masana. Lamulo lija ankalidziwa bwinobwino, ndipo anandipempha kuti ndimuperekeze kuchipatala cha pasukulu. Ndinali nditavala kale nsapato pamene foni yake inalira. Munali inu, kumufunira mafuno abwino. Zonse ndinamva, poti inu mukamayankhula pafoni ngakhale a nyumba yoyandikana amamva.

Iye anati, "Bambo, m'thupi mwanga simuli bwino. Ndikufuna ndidzalembe ndikachira, amalola."

Inu munati, "Amalola ndani? Uli pa chenjezo, ndiye ukajombenso? Ine ndayendetsa basi mpaka imvi kumera, sindinajombepo. Dzuka, usambe madzi ozizira, uzipita. Kwathu kuno timadwala tikaweruka."

Anaika foni pansi, kenako anati, "Achemwali, tandisitireni malaya." Ine ndinavula nsapato n'kusita. Musaganize kuti ndikukuunjikirani nokha zonsezi. Ndinakulira m'nyumba yomweyo, pansi pa wotchi ija kampani inakupatsani chifukwa chosajomba. Mukukumbukira nditadwala chikuku, aphunzitsi anandibweza pachipata, inu n'kundibwezanso kusukulu, ndinatha tsiku lonse ndikuyenda pakati pa inu ndi aphunzitsi? Mpaka lero ndikatseka shopu masana ndimamva ngati ndaba. Choncho mawu anu aja sanandidabwitse, ndinaona ngati ndi mmene ziyenera kukhalira.

Pakhomo la chipinda cha mayeso oyang'anira anafunsa ngati alipo amene sakupeza bwino. Mwana wanu anangoti zii, n'kukakhala. Analemba pang'ono, zilembo zinayamba kusambira, anagoneka mutu padesiki mpaka nthawi inatha. Masana analowanso, zinachitikanso chimodzimodzi. Tsiku lotsatira anagwa pamasitepe a nyumba yowerengera mabuku, anzake n'kumunyamulira kuchipatala komwe kuja tinkafuna kupita poyamba. Anamugoneka. Mayeso otsalawo anamuimitsira mwalamulo, analemba atachira, ndipo anakhoza onse. Koma awiri a Lolemba aja anamukokera kunsi kwa mzere, pang'ono pokha.

Wochotsedwa amamulola kuchita apilo. Tinapita kaye kwa alangizi a ophunzira, mayi wachikulire ndithu, wa mawu ochepa, ofesi yake yodzaza mafaelo mpaka pawindo. Anawerenga pepala la kuchipatala, n'kupukusa mutu. Anati, "Mwana wanga, kudwala palibe akukana. Vuto n'lakuti unalowa. Komiti ikufuna kumva chimene chinakulowetsa. Ngati sunkadziwa lamulo, kapena pali amene anakukakamiza, ukanene, usakabise." Ine mtima unakhala m'malo, ndinati basi khomo lapezeka.

Tsiku la apilo ndinatseka shopu, inde Bambo, ndinajomba. Anandilola kukhala kumbuyo, koma anandiuza kuti ndisayankhule pokhapokha andifunse. Panali tebulo lalitali, aphunzitsi atatu mbali imodzi, Injiniya yekha mbali inayo, atavala malaya omwe aja. Apampando anali bambo wofatsa, sanamukalipire ngakhale pang'ono.

Anamufunsa kuti, "Lamulo lokhudza kudwala unkalidziwa?"

"Ndinkalidziwa."

"Nanga unaloweranji?"

"Ndinkaona ngati ndikwanitsa."

"Pali amene anakuuza kuti ulowe?"

"Palibe."

Ine ndinadzuka pampando, pakamwa nditatsegula kale. Anacheuka n'kundiyang'ana, ndipo Bambo, anali maso anu enieni, aja munkatiyang'ana nawo tikayamba kusokosa pamaso pa alendo. Ndinakhala pansi. Apampando anafunsanso kachiwiri, mochita kumutsegulira njira, iye anabwereza mawu omwewo.

Titatuluka ndinamugwira pamkono pakhonde, ndili wopsa mtima kwambiri. Ndinati, "Iwe, mutu wako ukuyenda? Bwanji sunanene za foni ija?" Iye anati, "Achemwali, mukufuna zilembedwe m'mafaelo a yunivesite kuti bambo ndi amene anandichotsetsa sukulu? Munthu amene amauza msewu wonse kuti mwana wanga ndi injiniya? Pampando paja ndinakhala ndine, miyendo inali yanga." Kenako anandilumbiritsa kuti ndisakuuzeni. Ndinangogwedeza mutu, pakamwa sindinalonjeze kanthu.

Kunena zoona, sindikudziwa ngati kutchula foni yanu kukanasintha chigamulo. Ndinabwerera ndekha kwa alangizi aja kukafunsa, iwo anati mwina, mwinanso ayi, poti munthu wamkulu amayankha yekha pa zimene wasankha. Sindikukuuzani izi kuti mudziimbe mlandu. Ndikukuuzani kuti mudziwe munthu amene atsike basi Lowerukayo, ndi chimene wasenza m'malo mwanu. Ine zikundipweteka, ndipo ndimamunyadiranso, zonse ziwiri nthawi imodzi.

Chigamulo chinatuluka sabata yatha. Apilo yakanidwa. Akhale kunja chaka chathunthu, ndipo chikatha ali ndi ufulu wopempha kuti abwerere. Sikuti akapempha ndiye kuti amutenga, komiti idzaonanso mmene wakhalira chakachi ndi zimene wakhala akuchita. Maphunziro amene anakhoza sawafufuta, adzayambira pamene analekera. Akadzabwerera adzakhalanso pa chenjezo, ndipo akadzagwanso palibe apilo ina. Alangizi aja anati awerenge masamu pang'onopang'ono chaka chonse, ndiponso apeze pogwira ntchito ya manja kuti adzakhale ndi chosonyeza. Iye akuganiza za galaja ya mnzanu uja munkayendetsa naye basi. Mukamuyankhulireko, inu sangakukanireni.

Tsono zopempha zanga ndi izi. Mukamuchingamire nokha pasiteji, musatume munthu. Akakuuzani kuti mayeso anandikanika, musamufunse malikisi, ndipo musayambe nkhani ya zaka zanu za pabasi, aliyense m'banja muno amaidziwa pamtima. Anthu akafunsa kuti Injiniya wabwereranji pakati pa chaka, muwayankhe inu, asachite kudziyankhira yekha. Dzinalo musalisiye. Munamupatsa ndinu tsiku lija anaphwasula wailesi yanu n'kuibwezera ikulira, ndipo mukangosiya kumuitana choncho adzadziwa kuti mwamutaya. Ngati mukufuna kumuuza kuti ndakulemberani, muuzeni, adzandikwiyira sabata imodzi kenako adzafuna kuti ndimusokere kolala.

Kumayambiriro anaganiza zongokhala konkuno, apeze ganyu, muzingomva kuti sukulu ikuyenda. Ndinakana. Chimene chinamusintha maganizo si ine ayi, koma amayi, amene anamuuza pafoni kuti wotchi yanu ija inaima mwezi watha ndipo mumangoiyang'ana. Dzulo ndamuona akukulunga tizitsulo take tomasulira m'kansalu n'kuika pamwamba penipeni m'chikwama. Anati, "Bambo sangakhale opanda wotchi ija." Ndinatuluka panja ngati ndikukaanula zovala, chonsecho pachingwe panalibe kanthu.

Mupereke moni kwa amayi, muwauze kuti diresi yawo ili m'katoni ya mabuku, ndaikulitsa m'mapewa monga ananenera. Malaya a buluu ndi anu, kolala ndalimbitsa mmene mumakondera. Adzukulu anu akuti moni agogo, wamng'onoyu akulira kale kuti amalume akuchoka. Mkamwini wanu akuperekanso moni, ndipo akuti chipinda cha Injiniya sitiikamo katundu, chizidikira mwini wake.

Chomaliza, Bambo. Mwanayu sanabwerere m'thupi mwake bwinobwino, akayenda pang'ono amachita befu, ndipo adokotala anati apume mokwanira. Ndikudziwa kuti m'nyumba mwanu palibe amene dzuwa limamutulukira ali pabedi. Koma Lamlungu m'mawa, mukatsegula chitseko n'kumupeza ali m'tulo, chonde mutsekenso pang'onopang'ono. Musamudzutse.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani ndi wokuopani mpaka lero,

Telala wanu