Kompyuta ya ku Eyapoti Yakana Zida Zanga

Lachinayi, Okutobala 1997. Kwatentha, ndipo mutu wanga sukugwirabe.

Ndinapita ku ofesi yathu ya ku eyapoti ndi disiketi ya zida zanga zomangira keneli, mtima wa pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Pa kompyuta ya kutauni zidazi sizinandichititsepo manyazi. Koma ya ku eyapoti ndi ya mtundu wina, imasunga manambala chotembenuza. Keneli inamangika osadandaula. Nditayatsanso makinawo, panali mdima wokhawokha.

Ba Mwangala, amene amalembetsa alendo, anandiyang'ana. "Ba Phiri, manje mwaipaya? Bazungu bazabwela mailo." Zoonadi, ndinali nditaipha, ndipo mailo akewo ndi mawa lomweli.

Ndinkati zida zanga zingagwire ntchito paliponse. Kani zimangodziwa nyumba imodzi. Ndipo keneli yakale ija sindinaisunge, ndinalemba yatsopano pamwamba pake...