Fisi wa M'nkhani Yanga Akukana Kufa

Aphungu,

Ndine mphunzitsi wamkazi kuno ku Madisi. Chiyambire matipate, nyuzipepala zachuluka ngati bowa, ndipo ina ikufuna nkhani zopeka. Ndalumbira kuti chaka chino chisanathe dzina langa litulukamo.

Nkhani yanga ndi ya Margareta, wapolisi wa ku Lilongwe amene akusaka afiti oba fodya ku okushoni n'kuuluka naye pa lichero. Mtsogoleri wawo amasanduka fisi, ndipo Margareta wagwa naye m'chikondi. Mkonzi wandibwezera mapepala atalembapo kuti, "Iyi ndi ya matsenga a m'tauni kapena ya chikondi? Sankhani chimodzi." Zandipweteka, chifukwa kwa ine zamatsenga ndi zamatsenga basi.

Ndayesa katatu kumupha fisiyo pa tsamba lomaliza, koma dzanja likukana. Ndinamupatsa kampata ka m'mano ndi kasekedwe ka Felton, kalaliki wa pa esiteti ina ku Nachisaka, amene timangopatsana moni wautali pa depoti. Koma izo n'zapadera. Ndithandizeni, kusiya kokha sindisiya.

E. C., Madisi

Mayi E. C.,

Mkonziyo sanakunyozeni. Nkhani ziwirizi zimasiyana funso. Ya matsenga a m'tauni imafunsa kuti, kodi afiti agwidwa, mzinda upulumuka? Chikondi chimangodutsamo, ndipo fisi akhoza kufa. Ya chikondi imafunsa kuti, kodi awiriwa akhalira limodzi ngakhale wina ali ndi mchira? Mukawalekanitsa, owerenga sadzakukhululukirani.

Tengani pensulo, mufufute paliponse pamene awiriwa akuyang'anizana. Chotsalacho chikaima pachokha, ndi nkhani ya wapolisi. Chikagwa, ndi ya chikondi, ndiye lembaninso mapeto ake, mutumize sabata yomwe ino.

Komatu yankho ndaliona kale. Lichero mwalitchula kamodzi n'kudutsa, koma mano a Felton mwachita kuwawerenga. Zapadera zanuzo ndiye nkhani yonse, mayi. Fisiyo musiyeni wamoyo.

Chenjezo langa ndi ili: kampatako ndi kasekedweko zichoke. Kwanuko nyuzipepala imodzi imazungulira mudzi wonse, ndipo munthu akangolozedwa chala kuti amasanduka, matenanti adzamuthawa, ntchito n'kumuthera. Mawu onse okoma amene Margareta akuuza fisi, kamuuzeni Felton pa depoti pomwepo. Asachite kumva kwa ogulitsa nyuzipepala kuti mumamukonda, komanso kuti ali ndi mchira.